KULIMBA MTIMA NDI KHUTU LIMODZI

Pali mau amene amatuluka okha pakamwa pathu tikaloŵa m'nyumba ya wodwala. Tikakhala pansi ndi kufunsa m'mene wagonera, timatsiriza ndi kuti, "Limbani mtima." Mauŵa ndi abwino ndithu, ndipo ife eniake taŵanena kosaŵerengeka m'zaka zimene takhala tikuyendera odwala a m'mlaga wathu monga mkulu wa mpingo. Koma kodi alendo akatsazika ndi kubwerera kwao, munthu wotsala pamphasa uja amati achite chiyani kuti mtimawo ulimbe? Kodi aziseka pamene mutu ukuŵaŵa? Kodi aziyankha kuti ali bwino pamene sali bwino? Funso limeneli lidatipeza ifeyo zaka ziŵiri zapitazo, madotolo atatichotsa chotupa m'kati mwa mutu, kuseri kwa khutu lamanzere. Tafuna tikusimbireni, makolo anzathu ndi inu achinyamata, zimene tidaona pa njira ya kuchira, pakuti nthendayi ambiri saidziŵa, ndipo kapena wina m'mudzi mwanu akuyenda nayo osazindikira.

Chotupachi madotolo amachitcha acoustic neuroma, ena amati vestibular schwannoma. Kuchokera m'kati mwenimweni mwa khutu pali mtsempha umene umapita ku ubongo, kudzera m'kanjira kakang'ono ka m'fupa la chigaza. Mitsempha yotuluka mu ubongo ilipo 12 mbali iliyonse, ndipo umenewu ndi wa nambala 8. Ntchito zake nziŵiri. Mbali ina imanyamula mau kuti timve, mbali inayo imauza ubongo m'mene mutu waimira kapena wapendekera, kuti munthu asagwe. Mtsemphawu ngwokutidwa monga waya wa magetsi, ndipo tinthu tating'ono topanga chokutiracho tikayamba kuchulukana mopitirira muyeso, chotupa chimabadwa. Si khansa ai, ndipo sichifalikira m'ziŵalo zina. Chimakula pang'onopang'ono, kaŵirikaŵiri milimita imodzi kapena iŵiri pa chaka, ndipo china chimangoima osakulanso. Kuipa kwake ndi malo amene chimamera. Chigaza sichifutukuka, kotero chotupa chikakula chimapanikiza zonse zoyandikana nacho. M'kanjira komweko mumadutsanso mtsempha wa nambala 7, umene umayendetsa nkhope: kutsinzina, kumwetulira, kutseka milomo.

Kwa ife chidayamba mwakachetechete. Tikaika lamya ku khutu lamanzere tinkamva kuti munthu akulankhula, koma mau ake osagwirika, ngati wailesi yosaloza bwino siteshoni. Pambuyo pake m'khutu lomwelo mudayamba kulira ngati nyenje za mwezi wa Okutobala, usana ndi usiku. Pa chipatala china chaching'ono adati ndi litsiro la m'khutu, natipatsa mankhwala odonthezera, koma sadathandize. Tsono tidayamba kupendekera kumanzere poyenda madzulo, mwakuti munthu wina adafunsa mai a kunyumba mwamseri ngati mkulu wa mpingo wayamba kulaŵa za m'chipanda.

Chidaulula zonse ndi makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI. M'dziko lathu makina oyamba otere adafika mu 2008 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kudzathandiza kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana. Chithunzi chathu chidaonetsa chotupa cha masentimita 3, ngati dzira la nkhunda. Chotupa chikakhala chaching'ono madotolo amatha kungochiyang'anira pojambula nthaŵi ndi nthaŵi, kapena kuchiotcha ndi mphamvu yolunjika bwino kuti chileke kukula, njira imene adaiyambitsa dotolo wa ku Sweden, Lars Leksell, m'zaka za m'ma 1960. Chathu chidali chitayamba kukankha tsinde la ubongo, ndipo panalibe njira ina koma mpeni. Za m'mene tidakafikira ku India, ndi m'mene ana athu, abale ndi akhristu anzathu adasonkhera, ndi nkhani yakeyake imene sitiikamba pano.

Pamene tinkadikira tsiku lathu tidafunsa za mbiri ya opaleshoni imeneyi, monga mudziŵa kuti mphunzitsi sakhala osafunsa. Mmodzi mwa oyamba kuchotsa chotupa chotere wodwala nakhala moyo adali Thomas Annandale wa ku Edinburgh, mu 1895, m'dziko lomwe kudachokera amishoni a ku Blantyre ndi ku Livingstonia. Masiku amenewo ambiri ankafera pa tebulo. Harvey Cushing wa ku America adachepetsa imfazo kwambiri, nalemba buku la zotupa zimenezi mu 1917. M'zaka za m'ma 1960 William House wa ku Los Angeles adayamba kugwira ntchitoyi akuyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu, ndipo kuyambira pamenepo nkhaŵa yaikulu ya madotolo idaleka kukhala moyo wa wodwala, idasanduka nkhope yake. Lero imfa pa opaleshoniyi njosoŵa.

Dotolo wathu sadatibisire kanthu. Adati adzaloŵera m'fupa la kuseri kwa khutu, ndipo njira imeneyo imaononga kumva kwa khutulo kotheratu. Adatinso adzatapa mafuta pang'ono pamimba pathu kuti atsekere dzenje limene lidzatsale. Mai a kunyumba atamva zimenezi adati, "Abambo, ndiye kamimba kanuka kapeza ntchito." Tidaseka tonse, ndipo kumeneko kudali kuseka kwathu komaliza ndi nkhope yoongoka kwa miyezi yambiri.

Tidatsitsimuka chipinda chikuzungulira ngati mphero. Kungotembenuza mutu pang'ono, nseru pomwepo. Tsiku lachitatu tidapempha galasi, ndipo munthu amene tidamuona m'menemo tidachita kumzindikirira pa imvi. Tsaya lamanzere lidali litagwa, pakamwa patakokedwera kumanja, diso lamanzere lili tong'o osaphethira. Tikamwa madzi ankatuluka pambali pa mlomo kutsikira pa malaya. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Chotupa tidachilirira kuti chichoke, ndipo chidachoka, koma matope ake adali amenewo.

Titabwerera kumudzi alendo adasefukira, ndipo tikuŵathokoza onse. Amai a Chigwirizano adabwera ndi ufa ndi nkhuni, achinyamata adatipalirira chimanga. Koma pakati pa mau otonthoza padali ena amene tiyenera kuŵayankha pano mwachikondi. Abale ena ankati, "Musavomereze, a mkulu. Khutulo litseguka, mungokhulupirira." Ife tinkadziŵa kuti mtsempha wake udadulidwa pamodzi ndi chotupacho, ndi kuti malo ake mudali mafuta a pamimba. Kukhala tikudikira khutu limenelo kukadakhala ngati kudikira basi pa mseu umene udatsekedwa kalekale. Sitiona kuti kuvomereza chinthu choona ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Munthu amene mwendo wake udadulidwa sitimuuza kuti akane ndodo. Tidalilira khutu lathu monga munthu alilira mnzake wa zaka makumi asanu, makamaka Lamulungu loyamba m'tchalitchi, pamene nyimbo idamveka yophwatalala, ya amuna ndi ya akazi itaunjikana malo amodzi. Misozi idatuluka m'diso limodzi lokha, poti linalo linali louma. Titalira tidaleka, pakuti padali ntchito ina yotidikira imene inkafuna mphamvu zathu zonse.

Ntchitoyo idali kuphunziranso kuyenda, ndipo apa mpamene tifuna kukhalitsa, chifukwa mpamene tidamvetsa tanthauzo la kulimba mtima. Dotolo wa mafizo adatilongosolera motere. Munthu amaima chilili chifukwa ubongo umalandira uthenga kuchokera ku makutu aŵiri, ku maso, ndi ku mapazi ndi mfundo za thupi. Khutu limodzi likaleka kutumiza uthenga, ubongo umasokonezeka, numayesa kuti munthu akuzungulira pamene ali chikhalire. Chizungulire chake nchimenecho. Koma ubongo umatha kuphunzira kudalira khutu lotsalalo pamodzi ndi maso ndi mapazi. Kuphunzirako kumachitika pokhapokha munthu akamayenda ndi kutembenuza mutu, ndiye kuti akamachita dala zinthu zomwe zimadzutsa chizungulirecho. Wogona chigonere poopa chizungulire amachedwetsa kuchira kwake. Ngakhale mapiritsi oletsa chizungulire, amene amathandiza masiku oyamba, madotolo safuna kuti munthu aŵamwe nthaŵi yaitali, pakuti amagonetsa ubongo pamene uyenera kukhala m'kalasi. Maseŵera amene adatipatsa adachokera kwa madotolo aŵiri a ku London, Cawthorne ndi Cooksey, amene adaŵakonza m'zaka za m'ma 1940 pothandiza anthu ovulala m'mutu nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse.

Monga mphunzitsi, zimenezi tidazimva msanga. Mwana saphunzira samu zogaŵa poyang'ana mnzake akugaŵa. Ayenera kugwira pensulo, kulakwa, kufufuta, ndi kuyambanso. Tidalemba chilembo chachikulu cha A papepala ndi kuchimata pa khoma. Katatu pa tsiku tinkaima patsogolo pake, maso ali pa chilembocho, mutu ukupita kumanja ndi kumanzere, kenaka m'mwamba ndi pansi. Masiku oyamba sitinkatha ngakhale theka la mphindi, thukuta lili kamukamu. Tinkakhala pansi mpaka dziko litaima, nkuimiriranso. Mdzukulu wathu wa zaka 9 adadzipatsa yekha udindo woŵerenga, ndipo adali woyang'anira wouma mtima kuposa onse amene adatiyenderapo kusukulu. "Agogo, mwafika 14 basi, dzulo munafika 20. Yambiraninso."

Chovuta chidali chakuti chikondi cha kwathu kuno chimafuna wodwala agone. Mai a kunyumba ankati akationa tikudzandira pabwalo, mtima wao unkadumpha. "Abambo, mwatani kodi? Mukufuna mugwe mutsegule chilonda? Khalani pansi, chilichonse ndikupatsirani." Alendo nawonso ankaŵadzudzula kuti akulekerera wodwala kuyendayenda pa dzuŵa. Tidakhala nawo pansi ndi pepala la kuchipatala lija, nkumvana kuti iwo aziyenda pambali pathu koma asatigwire pokhapokha tikamagwa. Tikhulupirira kuti kwa iwo kuyenda manja ali kumbuyo, mwamuna wao akupepesuka ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene, kudali kovuta kuposa kudzandira kwathuko. Sabata yoyamba tinkafika pa nkhokwe. Kenaka pa mjigo. Mwezi wachiŵiri usanathe tidafika ku tchalitchi wapansi, mtunda wa makilomita aŵiri, tikupumira kaŵiri panjira.

Pabwalo losalala masana tidazoloŵera msanga. Mayeso enieni adali m'munda ndi mumdima. Pa mizere mapazi sapeza poponda pofanana, ndipo usiku maso sathandiza, kotero ubongo umatsala ndi khutu limodzi lija lokha. Mpaka lero sitichoka panyumba madzulo opanda tochi m'thumba, ndipo ulalo wa mtengo umodzi wa pa khwaŵa la kumunda tidauleka, timazungulira kwa mlatho. Ena angati kumeneko nkugonja. Ife timati munthu amene waphunzira kuyenda kaŵiri pa moyo wake safunanso kuonetsa wina aliyense kuti ndi mwamuna.

Tisapitirire osatchula chenjezo limene adatipatsa potuluka m'chipatala, pakuti lingapulumutse wina. Masabata oyamba munthu sayenera kunyamula zolemera, kukankha mwamphamvu kuchimbudzi, kapena kumina mwamphamvu. Madzi oyera ngati a pa mjigo akayamba kudontha m'mphuno kapena pa chilonda, kapena akamamveka amchere kukhosi, angakhale madzi ozungulira ubongo amene apeza potulukira. Mutu ukaŵaŵa kwambiri pamodzi ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, ndiye kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana. Kupirira zizindikiro zotere m'nyumba si kulimba mtima.

Nkhope idatiphunzitsa zosiyana ndi miyendo. Miyendo inkamvera khama, koma mtsempha wa nkhope sufulumizidwa ndi munthu. Dotolo sadaudule, koma udali utaphwanyika pokanganuka ndi chotupa, ndipo mtsempha wotere umaphukanso pafupifupi milimita imodzi pa tsiku. Madotolo amayeza kufooka kwa nkhope ndi manambala kuyambira 1 mpaka 6, pamene 1 ndi nkhope yabwinobwino ndipo 6 ndi yosagwedezeka konse. Ife tidatuluka m'chipatala tili pa 5. Ntchito yathu idali kusamala diso, chifukwa diso losaphethira limauma, ndipo likauma limachita zilonda mpaka kufa. Masana mankhwala odonthezera kaŵirikaŵiri, usiku mafuta ake ndi kumata chikope, panja magalasi otchinga fumbi ndi mphepo. Utsi wa kukhitchini tidautalikira. Zonsezi zinkaoneka zazing'ono, koma wosoŵa khutu limodzi sangafune kusoŵanso diso.

Chidatipweteka koposa ndi kulankhula. Yesani kunena kuti "bambo", "mpingo", "pemphero" mlomo umodzi mutaugwira ndi chala, mudzaona kuti chinenero chathu chimadalira milomo kwambiri. Munthu amene wadya za pakamwa pake zaka 30, m'kalasi ndi pa guwa, akamva mau ake akutuluka ngati a woledzera, amafuna kungokhala chete. Madzulo alionse tinkaŵerenga mokweza mutu umodzi wa m'Buku Lopatulika pang'onopang'ono, tsaya titalichirikiza ndi dzanja. Mwezi wachisanu, tikumeta ndevu, tidaona pakona pa mlomo pakunjenjemera pang'ono ngati phiko la ntchentche. Tidaitana mai a kunyumba kuti adzaone ngati maso athu sakutinamiza. Adayang'anitsitsa nthaŵi yaitali, kenaka adaomba m'manja ndi kululuta, anansi nkuthamangira poyesa kuti kwabadwa mwana. Lero tili pa 2. Mtsempha pophuka udasokeretsa nthambi zina, mwakuti tikamadya nsima yotentha diso lamanzere limalengeza misozi. Adzukulu amati agogo amalira ndiwo zikakoma, ndipo ife sititsutsa.

Tisakunamizeni kuti masiku onse adali a kuseka. Pali kutopa kwina kumene kumadza pambuyo pa opaleshoni ya m'mutu, kosiyana ndi kutopa kwa kumunda, pakuti ubongo umagwira ntchito yoimiritsa thupi imene kale inkachitika yokha. Pofika masana tinkakhala ngati tasenza matumba a chimanga. Cha m'mwezi wachitatu, alendo atachepa ndipo nkhope isanagwedezeke, mtima udatsika kwambiri. Tulo tidasoŵa, chakudya sichinkakoma, ndipo maganizo ankangoti ntchito yathu yatha. Tidauza abusa monga zidaliri, tidauzanso dotolo. Abusa sadatidzudzule kuti mkulu wa mpingo sataya mtima. Adangoti, "A mkulu, Lachinai lililonse ndizibwera tiziyenda limodzi mpaka pa mseu." Adasunga mau ao miyezi iŵiri, ndipo nthaŵi zambiri tinkangokamba za mitengo ya feteleza. Mwa zonse zimene anthu adatichitira, maulendo amenewo sitidzaŵaiŵala.

Funso lalikulu lidali la kusukulu. Kodi munthu wa khutu limodzi angaime patsogolo pa ana 90 a Sitandade 6? Ambiri amayesa kuti wotaya khutu limodzi amamva theka la zimene ena amamva. Sizili choncho. M'chipinda chachete timamva bwino lomwe. Zimene zidatayika ndi ziŵiri. Choyamba, sitidziŵa kumene mau akuchokera. Ubongo umadziŵa mbali poyerekeza nthaŵi imene liwu lafika ku khutu ili ndi ku khutu ilo, kusiyana kwake kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo ndi khutu limodzi palibe choyerekeza. Chachiŵiri, pa phokoso sititha kusankha liwu limodzi pakati pa ambiri. Tsono kalasi ndi chiyani koma phokoso ndi mau ochokera mbali zonse? Tsiku loyamba mwana wina adaitana kuti "Aphunzitsi!" ife nkutembenukira ku zenera pamene iye adali ku khomo. Kalasi lonse lidaphulika ndi kuseka, ndipo anyamata ena a kumbuyo adaona pomwepo kuti mwaŵi wao wafika.

Maŵa lake tidasiya phunziro la pa ndandanda, nkuphunzitsa za khutu. Tidajambula pa bolodi khutu, mtsempha ndi chotupa, tidaŵaonetsa chipsera, nkuŵauza zonse poyera. Kenaka tidaitana mtsogoleri wa anyamata a kumbuyo aja, nkummanga nsalu m'maso pakati pa kalasi. Anzake ankaomba m'manja mbali zosiyanasiyana, iye nkumaloza osaphonya. Tidamuuza kuti atseke khutu limodzi ndi chala mwamphamvu. Adayamba kuloza kolakwika, anzake akuseka, mpaka iye mwini adavula nsalu ija nati, "Aphunzitsi, ndiye mumakhala chonchi tsiku lonse?" Tidati inde. Tidapangana malamulo: wofuna kulankhula aimike dzanja kufikira titamuona, alankhule mmodzi pa nthaŵi, ndipo atiyang'ane kumaso. Aphunzitsi aakulu adalola kuti tebulo lathu lisunthire pa kona, kuti khutu lakufa liyang'ane khoma ndipo lamoyo liyang'ane ana. Sitinena kuti anaŵa adasanduka angelo. Pali masiku amene timaŵeruka mutu ukulira. Koma malamulo aja adathandizanso ana aŵiri amene tidazindikira pambuyo pake kuti samva bwino, ndipo adali atakhala kumbuyo zaka zonse akutchedwa mbuli. Tidaŵasunthira kutsogolo ndi kulembera makolo ao kuti akaŵapimitse.

Kunja kwa sukulu tidaphunzira kunena za vuto lathu tisanafunsidwe. Pa bwalo la akulu a mpingo timakhala kumapeto kwa benchi, anzathu onse ali kudzanja lamanja. Mai a kunyumba, amene zaka zonse ankayenda kumanzere kwathu, adasinthira kumanja. Poŵoloka mseu timayang'ana mbali zonse kaŵiri, chifukwa belu la njinga kapena hutala ya galimoto sitidziŵa kumene ikulirira. Pa maliro ndi pa ukwati, pamene anthu ali piringupiringu, mpamene timavutika koposa. Tidamva kuti ena adadandaula kuti a mkulu chibwerere kunja ayamba matama, sayankha moni. Tikupemphani, abale, mukapereka moni kwa munthu wotere iye nangopitirira, musafulumire kukhumudwa. Pitani kutsogolo kwake, kapena mkhudzeni paphewa. Kukuwa sikuthandiza, kumangosokoneza mau. Lankhulani momveka, nkhope yanu ikuoneka, ku mbali imene akumva. Ndipo musamuuze kuti "mwachiratu tsopano" chifukwa chakuti chilonda chapola ndi tsitsi lamera, pakuti zambiri zimene akulimbana nazo sizioneka ndi maso.

Makolo anzathu ena adatifunsa mwamantha ngati nthendayi njotengera ku mtundu, ena ngati idachita kutumizidwa ndi munthu. Za kutumizidwazo tikuti ai. Chotupachi chimapezeka m'maiko onse, mwa olemera ndi osauka, ndipo pa chithunzi chimaoneka poyera pamene chamera ndi m'mene chakulira. Kunamizira mbale kumangoonjezera chilonda china m'banja. Za mtundu, mwa odwala 100 pafupifupi 95 chimaŵamera mbali imodzi yokha, kaŵirikaŵiri atapitirira zaka 40, ndipo sichipita kwa ana ao. Otsalawo ndi a mtundu wina wotengera kwa makolo, umene umagwira makutu onse aŵiri ndipo umayamba munthu akadali wachinyamata. Chimene tikupemphani nchakuti khutu limodzi likayamba kuchepa kumva pamene linzake lili bwino, kapena likamalira lokha miyezi ndi miyezi, pitani kwa madotolo a makutu akapime kamvedwe kanu. Nthaŵi zambiri chidzakhala chinthu china chosaopsa. Koma chikakhala chotupa, kuchipeza chili chaching'ono kumapatsa munthu njira zambiri zosankha, ndipo nkhope yake imapulumuka mosavuta.

Kwa inu achinyamata tili ndi mau amodzi, ndipo akuchokera kwa munthu amene tsopano amasunga khutu lake ngati dzira lomaliza m'dengu. Timakuonani mutatseka makutu ndi timawaya ta nyimbo, phokoso lake likumveka ngakhale kwa ife odutsa. Timakuonani pa zikondwerero mutaima pamphuno pa zokuzira mau, ndi ena a inu mukugwira ntchito m'chigayo tsiku lonse opanda chotchinga m'makutu. Phokoso lalikulu limapha tinthu tanthete ta m'kati mwa khutu timene timamva mau, ndipo tikafa sitimeranso. Ife khutu lathu lidatengedwa ndi nthenda imene sitikadatha kuipewa. Lanu muli nalo m'manja.

Nyenje ija ikulirabe m'khutu lakufalo, pakuti kulirako kumachokera mu ubongo, ndipo kudula mtsempha sikuiletsa. Masana sitiimva kwenikweni, usiku timatsegula wailesi motsitsa kuti tipeze tulo. Dotolo adasiya dala kachidutswa kakang'ono ka chotupa kamene kadamatirira pa mtsempha wa nkhope, poopa kuudula, ndipo kameneko kayenera kujambulidwa chaka ndi chaka. Ulendo wapita kadali chimodzimodzi, ndipo mwezi wamaŵa tikajambulitsanso. Njinga yathu, imene idakhala chaka chathunthu itapachikidwa ku denga, tidaitsitsa. Loŵeruka lililonse m'maŵa timaikwera pa bwalo la mpira la kusukulu, mdzukulu uja akuthamanga pambali ndi kuŵerenga maulendo. Tafika pozungulira bwalolo kasanu ndi kamodzi osatsitsa phazi, koma mai a kunyumba ati za kumseu tidzakambirana mvula ikatha.